Manda a Ngwazi ya ku Nyenyezi

M'mudzi waukulu wa Livingstone, umene anthu ambiri amaucha Maramba, muli mkulu wina amene anagwira nchito ya uphunzitsi zaka zambiri, ndipo tsopano anapuma. Kwao kweni-kweni ndi ku Katete, m'dziko la Gawa Undi, kumene mcombo wace unagwa; koma anafika ku Livingstone akali mnyamata, nakwatira mkazi wa Citonga, nabala ana, namanga nyumba ku Dambwa. Mkazi wace anamwalira zaka zingapo zapitazo, ndipo anamuika m'manda a m'tauni momwemo. Ciyambire pamenepo mkuluyo amakhala ndi mdzukulu wace, mtsikana wa sukulu ya sekondale, amene amamphikira nsima ndi kumwerengera makalata, pakuti maso ace anayamba kucita nkhungu.

Mtsikanayo amakonda nthano za sayansi, zija zosimba za masiku a m'tsogolo ndi za maulendo a kuthambo. Cimene cinamuutsa mtima ndi buku lochedwa The Old Drift, limene Namwali Serpell, mwana wa m'Zambia, anaturutsa mu 2019, ndipo mu 2020 linalandira mphotho ya Arthur C. Clarke, imene amapatsa mabuku a mtundu umenewu. Nkhani ya m'bukumo iyambira pa gombe la Zambezi, pafupi ndi mudzi wa Livingstone womwewu, ndipo m'katimo mtsikanayo anakomana ndi dzina la Edward Mukuka Nkoloso. Atafunsa ambuya ace ngati munthu ameneyo anali weni-weni, iwo anaseka namuuza kuti analikodi. Mu 1964, caka ca ufulu, Nkoloso anasonkhanitsa acinyamata pafupi ndi Lusaka, nawakunkhuniza m'migolo pa citunda kuti azolowere ulendo wa ku mwezi ndi ku Mars, napempha a UNESCO ndalama zokwana £7,000,000, zimene sanampatse. Anthu a maiko ena anamseka. Koma mkuluyo, amene pa nthawiyo anali mwana wa sukulu, anakumbukira kuti iye ndi anzace anayamba kuyang'ana mwezi ndi maso ena.

Pamenepo mtsikanayo anayamba kulemba nthano yace-yace m'kope la sukulu. Analemba za munthu wobadwira ku Maramba, amene anatsogolera gulu loyamba la anthu kunka ku Mars, dziko lofiira ndi lozizira, lopanda mtengo ndi lopanda mpweya woti munthu apume. Kumeneko anamanga nyumba zosunga mpweya, nakhalako zaka khumi ndi cimodzi. Ndipo tsiku lina khoma la nyumba imodzi litang'ambika, ngwaziyo inalowa kukatseka mng'aluwo, nipulumutsa anzace, koma iyo inafera momwemo. Mtsikanayo analemba zonsezi mosabvuta kufikira pa mutu wotsiriza, ndipo pamenepo colembera cinaima. Sanadziwe kumene akaike mtembo wa ngwazi yace.

M'masabata omwewo munafika kalata yocokera ku Katete, yolembedwa ndi mwana wa mlongo wace wa mkuluyo. Mau ace anali aulemu koma olemera. Anati, "Atsibweni, mwakalamba, ndipo inu ndinu mwini mbumba. Bwererani kumudzi mukali ndi mphamvu. Malo anu alipo pafupi ndi amai anu, ndipo sitifuna kuti mafupa anu akagone kwa eni." Mtsikanayo ndiye anawerenga kalatayo mokweza. Mkuluyo anaipinda naiika m'Buku Lopatulika, ndipo anapita masabata atatu osaichulanso.

Madzulo ena, atadya, anakhala pakhonde, mkokomo wa Mosi-oa-Tunya ulikumveka patali monga umacitira madzi akaculuka. Mtsikanayo anabwera ndi kope lace nati, "Ambuya, munthu wanga wafa, ndipo ndasowa pomuika. Ndithandizeni." Mkuluyo anayankha mwa nthabwala ya agogo ndi adzukulu ao, nati, "Mkazi wanga, wapha munthu usanakumbe manda? Tanena tsono maganizo ako."

Ganizo lace loyamba linali lakuti anzace a ngwaziyo aponye mtembo kuthambo, kuti uziyenda pakati pa nyenyezi kosatha. Anati zotere si nthano cabe ai. Eugene Shoemaker, katswiri wa miyala ya kumwamba, phulusa lace analiika m'combo cochedwa Lunar Prospector, cimene cinakagwera pa mwezi mu 1999. Clyde Tombaugh, amene anapeza Pluto mu 1930, phulusa lace linakwera combo ca New Horizons mu 2006, ndipo combo cimeneco cinapitirira Pluto mu 2015 nicinkabe kutali. Mkuluyo anachera khutu, ndipo anabvomera kuti umenewo ndi ulemu waukulu, woyenera anthu amene anatha moyo wao alikuyang'ana kumwamba. Koma anafunsa ngati phulusa lonse linapita, ndipo mtsikanayo anati iai, linapita pang'ono cabe, lotsala linakhala pansi pano. Mkuluyo anati, "Waona tsono. Kumwambako anatumizako dzina, koma abale sanalole kutsala manja ali zi. Kodi mwana wa munthu wakoyo, mtima ukamuwawa, adzapita kuti kukakhala pansi? Thambo ndi lalikulu, koma liribe pogwada."

Ganizo laciwiri linali lakuti mtembo ubwere ku Zambia, ulandiridwe ndi asilikali ndi malipenga, ndipo ukaikidwe ku Embassy Park mu Lusaka, kumene kugona Levy Mwanawasa, Frederick Chiluba, Michael Sata, Kenneth Kaunda ndi Rupiah Banda. Apa mkuluyo anapukusa mutu pang'ono. Anamkumbutsa kuti Kaunda atamwalira mu June 2021, ena a m'banja lace ananena kuti iye anafuna kugona pambali pa mkazi wace Betty, ndipo mwana wace mmodzi anapita ku bwalo la mirandu. Koma pa 7 July caka comweco anamuika ku Embassy Park. Anachulanso za Edgar Lungu, amene anamwalira ku Pretoria mu June 2025, ndi kuti mkangano wa boma ndi banja pa za maliro ace unakafika m'mabwalo a mirandu a ku South Africa. Sanaweruze mbali iri yonse. Anati boma likamati mtsogoleri ndi wa mtundu wonse linena zoona, ndipo ana akamati ameneyo ndi atate athu anenanso zoona. Koma munthu akachuka, mtembo wace umasanduka katundu wolimbirana, ndipo amene amamlira ndi misozi yeni-yeni ndiwo amakhala kumbuyo kwa khamu.

Tsono mkuluyo anati, "Mudzi uno uli ndi dzina la munthu amene anabvutitsa anzace ndi funso lako lomweli." Ndipo anayamba kusimba mbiri imene kale ankasimbira ana a sukulu caka ndi caka, powaperekeza ku nyumba yosungiramo zakale ya m'tauni, mmene muli makalata ndi zipangizo za David Livingstone.

Livingstone anaona mathithi a Zambezi mu November 1855, koma sanafere kuno. Anamwalira pa ciyambi ca May 1873, m'mudzi wa Mfumu Chitambo, kumwera kwa nyanja ya Bangweulu, ndipo anampeza atagwada pambali pa kama wace. Panalibe Mzungu wina pamenepo. Anthu ace, motsogozedwa ndi Susi, wa ku Shupanga pa Zambezi, ndi Chuma, Myao amene anaomboledwa kwa ogula akapolo akali mwana mu 1861, anakhala upo napangana cocita. Anacotsa mtima ndi za m'kati, nazikwirira patsinde pa mtengo wa mpundu, umene Acewa amaucha muula, ndipo Jacob Wainwright, amene anadziwa kulemba, anawerenga mau a maliro nazokota dzina pa mtengowo. Thupi analithira mcere naliyanika padzuwa masabata awiri, nalikulunga m'nsaru ndi m'khungwa la mtengo, nalimangirira kumtengo wonyamulira. Atatero anauyamba ulendo wa mamailosi oposa 1,000 kunka ku nyanja ya mcere. Ena anadwala, ena anafera m'njira. Ku Unyanyembe anakomana ndi Mzungu dzina lace Cameron, amene anawalangiza kuti aike mtembo pomwepo, koma iwo anakana. Pena, poona kuti eni dziko sakanalola mtembo kupyola m'midzi yao, anaumanga monga mtolo wa nsaru za malonda. Anafika ku Bagamoyo mu February 1874, patapita miyezi 9. Ndipo ku England anauzindikira mtembowo ndi pfupa la mkono limene mkango unathyola mu 1844. Pa 18 April 1874 anauika m'Westminster Abbey, m'mudzi wa London, pakati pa mafumu ndi anthu omveka.

Mtsikanayo anaomba m'manja nati, "Ndapeza, Ambuya! Mtima wa munthu wanga utsale ku Mars, mafupa abwere kuno." Koma mkuluyo anamletsa kufulumira. Anati Susi ndi Chuma sanagawe mtembo kuti nkhani ikome ai. Anacotsa za m'kati cifukwa popanda kutero thupi silikanauma. Ndipo ngakhale cikondi cao cinali cacikulu, panalinso cina cimene anayenera kucikumbukira: mu 1866 anthu ena a ulendo wa Livingstone anamthawa, nakanama ku Zanzibar kuti waphedwa, kufikira bodza lao linaululika mu 1867. Tsono akanafika kugombe manja ali zi, ndani akanawakhulupirira? Anawonjeza kuti mwini waceyo, mu 1868, ataona manda a munthu mmodzi m'nkhalango ya zii, analemba m'buku lace kuti manda otere ndiwo akanawakonda. Ndiponso mkazi wace Mary anagona yekha ku Shupanga, patsinde pa mlambe, ciyambire 1862. Cotero mafupa ace sanagone m'nkhalango, kapena pambali pa mkazi wace. Anagona kumene mapewa a anthu amoyo anawafikitsa. Ngakhale mtengo wa mpundu uja sunakhalitse: utayamba kuola, cigawo colembedwaco anacidula mu 1899 nacitumiza ku London, ndipo pamalopo anamangapo ciliza ca njerwa.

Mkuluyo anati, "Wakufa anena cifuniro cace, ndipo nkoyenera kucimvera, koma iye sadzinyamula yekha, ndiponso sadzilambulira pamanda. Cifukwa cace pofuna malo a munthu, usayambe ndi kufunsa kumene kuli ulemu. Yamba wafunsa kumene kudzatsala anthu."

Kuti mau amenewa amveke bwino, anamkumbutsa za malo amene buku lija linatengako dzina. Old Drift linali dooko la pa Zambezi, kumtunda kwa mathithi, pamene Azungu oyamba ankaolotsera katundu wao, ndipo anamangapo kamudzi. Malowo anali a cinyontho ndi udzudzu, ndipo malungo anapha ambiri. Ulalo wa njanji utatha mu 1905, otsalawo anasamukira kumtunda kwa mcenga, kumene kuli tauni lero, ndipo tauniyo inakula kufikira inakhala likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935. Koma akufa aja sanasamuke nao. Manda ao ali m'kati mwa nkhalango yosungiramo nyama ya Mosi-oa-Tunya, ndipo amene amapitapo kawiri-kawiri ndi njobvu ndi alendo ojambula zithunzi. Manda amenewo mudzi unawathawa. Sikuti anthuwo analakwa kugona kutali ndi kwao. Tsoka lao ndi lakuti pamene anagonapo sipanatsale mwana.

Atatha izi mkuluyo anafunsa funso limodzi lokha. Anati, "Kodi anthu ako a ku Marswo adzabwerera, kapena apita ndithu?" Mtsikanayo anayankha kuti apita ndithu, ndi kuti m'mutu wacisanu munabadwa kale mwana, woyamba kubadwira kumeneko. Mkuluyo anagunda ndodo yace pansi nati, "Ngati kuli mwana, muike komweko. Kwathu mudzi ndi manda zimayendera pamodzi. Anthu akamanga pamalo, koma akufa ao alikuwabweza kumene anacokera, pamenepo ndi pamsasa cabe, ndipo mitima yao ikali paulendo. Tsiku limene akumba manda oyamba ndilo tsiku limene msasa usanduka mudzi, pakuti kuyambira pamenepo ali naco cinthu cimene sangacisiye. Munthu wako anawapatsa mpweya ali moyo. Mleke awapatse mudzi atafa."

Mtsikanayo anadandaula kuti manda a kwao kwa ambuya ace amakhala m'msitu, mmene munthu saloledwa kutemamo nkhuni, koma ku Mars kulibe ngakhale citsamba. Mkuluyo anati popeza anthuwo amalima ndiwo m'nyumba za magalasi, abzale nthanga ya muula m'menemo, ndipo mwana uja akakula azikauthirira. Pamenepo anamfunsa ngati adziwa dzina limene Acewa amachula anthu osambitsa mtembo ndi kukumba manda. Mtsikanayo, wokulira m'tauni, sanalidziwe. Mkuluyo anati, "Amawacha adzukulu. Dzina lako lomwelo. Makolo anaika mau amodzi pa mwana wa mwana wako ndi pa munthu wokuika m'manda, ndipo sanacite mwangozi."

Panakhala cete kanthawi. Mtsikanayo anatseka kope lace, nayang'ana pansi monga ayenera mwana polankhula ndi akulu, nati, "Nanga inu, Ambuya, pano muli pamsasa kapena pamudzi?" Mkuluyo sanayankhe. Anazindikira kuti msampha umene anachera ngwazi ya m'nthano wagwira mwendo wace womwe. Analowa m'nyumba, ndipo usiku umenewo nyali ya m'cipinda cace inazima mocedwa.

Mlandu wace sunali wopepuka monga wa munthu wa m'kope. Ku Katete kunali manda a amai ace ndi a alongo ace, ndipo mwa mwambo wa Acewa mwamuna ndi wa mbumba ya amai ace, ngakhale akwatire kutali. Anadziwa kuti akakana, ana a alongo ace adzamva ngati wawataya, ndipo anthu adzanena kuti sukulu ndi tauni zinamdya mtima. Mwambi uja wakuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, iye yemwe anauphunzitsa kwa ana mazana ambiri. Koma anawerenganso mbali inayo. Kucokera ku Livingstone kufika ku Katete, kudzera ku Lusaka, ndi mamailosi ngati 600, ndipo ndalama zonyamulira bokosi mtunda wotere zikanadya zimene anasungira sukulu ya mtsikanayo. Ana ace ndi adzukulu ace onse anabadwira m'mbali mwa Zambezi, ndipo Citonga ndi Cilozi ziri pakamwa pao pamodzi ndi Cinyanja. Akakagona ku Katete, adzamuona kamodzi pa zaka zambiri, mwina osamuonanso. Ndipo koposa zonse, manda oyamba a nyumba yace anali atakumbidwa kale, tsiku lija anaika mkazi wace.

M'mawa mwace anaitana mtsikanayo kuti atenge pepala, namuuza zolemba. Atapereka moni kwa mbumba yonse, anati: "Mwana wa mlongo wanga, kalata yako ndinailandira, ndipo ndacedwa kuyankha cifukwa mau ako anali oona. Sindinaiwale kwathu, ndipo sindidzakana mbumba yanga. Koma ndinafika kuno ngati mlendo, ndipo eni nthaka anandilandira. Ndinakwirira mkazi wanga m'dothi lao, ndipo adzukulu anga ali kuno. Tsiku langa likadzafika, mudzandiike kuno. Inu mudzabwere, ndipo mudzatenge dothi lodzaza dzanja la pamanda a amai, mudzalithire pa bokosi langa. Mwambo wotsiriza maliro mudzacitire kumudzi, kuti dzina langa lidzachulidwe pakati pa abale anga. Nkhani yotere siitha ndi kalata. Cifukwa cace ndidzabwera ndekha pa nyengo ya Kulamba, mwezi wa August, kuti tidzakhale pansi, ndipo ngati muli ndi mau mudzandiuze pamaso."

Yankho la ku Katete linafika lalifupi, ndipo silinali lokondwa. Mwana wa mlongo waceyo anati wamva, koma akulu a mbumba sanabvomere, ndipo adzadikira August. Mkuluyo sanakwiye, pakuti anati munthu amene abale ace alimbirana mafupa ace akali moyo ndi wodala kuposa amene palibe womfunsa.

Mtsikanayo anatsiriza nthano yace sabata lomwelo. M'mutu wotsiriza anthu a ku Mars anakumba dothi lofiira kunja kwa nyumba zao, naika mtsogoleri wao mutu utaloza kumene dziko lapansi limaonekera ngati nyenyezi yaing'ono. Ndipo amene anaponya dothi loyamba anali mwana uja wobadwira komweko. Ku Zambia anatumizako cisoti cace cokha, kuti cikakhale m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Livingstone.

Pa Sabata, ataturuka m'chalichi, awiriwo anapita kumanda ndi khasu ndi tsache, monga amacitira mvula ikatha. Mtsikanayo analambula udzu pa manda a ambuya ace aakazi, ndipo mkuluyo anakhala pa mwala alikuyang'ana mizere ya mitumbira yatsopano, imene inali itafika kale kutali. Mtsikanayo anati, "Ambuya, pambali pao palibenso malo." Mkuluyo anati, "Ndaona. Koma dothi ndi limodzi, ndipo tsache lako ndi limodzi. Ukadzatha apa, udzayenda pang'ono."

Anthu ambiri a masiku ano amafera kutali ndi kumene mcombo wao unagwa, ena ku migodi, ena ku Harare ndi ku Johannesburg, ena kutsidya kwa nyanja, ndipo nyumba iri yonse idzakomana nalo funso limene linaimitsa colembera ca mtsikanayu. Ena adzabwerera kwao, ndipo adzacita bwino. Ena adzagona kumene anakalambira, ndipo sadzalakwa. Cimene mphunzitsi wa ku Dambwa anapeza, pothandiza munthu amene sanakhaleko ndi kale lomwe, ndi cakuti nkhaniyi iyenera kukambidwa mwini wace akali ndi pakamwa, ndi kuti malo oyenera ngwazi, kapena munthu wamba, ndi amene adzukulu angafikeko ndi tsache.